ULENDO WA KU HARARE PAMODZI NDI ANA ATATU

Kwathu kuno kwa Likoswe, m'boma la Chiradzulu, ndi mabanja owerengeka okha amene alibe mbale kunja kwa dziko lino. Agogo athu anapita ndi Wenela kapena Mthandizi kukagwira ntchito m'migodi ndi m'minda ya ku Joni ndi ku Rhodesia, ndipo ambiri a iwo sanabwerere, kotero kuti tinawatcha matchona. Lero ana athu akutsatanso njira yomweyo. Motero funso lakuti banja lingayende bwanji ulendo wa kunja pamodzi ndi ana aang'ono si la anthu olemera okha ai. Likhoza kufika pa khomo la mphunzitsi, la mlimi wa nandolo, ngakhale la mayi wogulitsa tomato pa msika wa Limbe.

Ife linatifikira pa foni m'chaka cha 2023. Atsibweni a amayi a kunyumba kwathu anachoka kuno mu 1963 kupita ku Salisbury, mzinda umene unatchedwa Harare mu 1982. Anakwatira komweko, nakalambira komweko, m'dera la Mabvuku. Tsiku limenelo mau awo anali ochepa: "Aphunzitsi, maso angawa akuyamba kuchita mdima. Mbumba yanga ndimangoimvera pa foni. Bwerani nawo anawo ndiwaone."

Tinagwirizana kupita asanu: ife makolo awiri, mwana wathu wotsiriza wa zaka 11, ndi zidzukulu ziwiri, wina wa zaka 6 ndi wina wa zaka 3, ana a mwana wathu wamkazi woyamba amene amagwira ntchito ku Lilongwe ndipo sakanatha kupeza tchuthi. Kukonzekera kunatitengera pafupifupi chaka chathunthu. Tinanyamuka mu Ogasiti 2024. Zimene tinaphunzira tazilemba pano kuti zithandize makolo ndi achinyamata amene ali ndi ulendo wotere m'maganizo.

Kusankha nthawi

Ambiri akamva za tchuthi amaganiza za Khrisimasi. Ife nyengo imeneyo tinaikana pa zifukwa zitatu. Choyamba, tchuthi cha Disembala ndi chachifupi, ndipo mwana wobwera ku ulendo wautali amafuna masiku angapo opumula asanalowe m'kalasi. Chachiwiri, ndi nyengo ya mvula ndi ya kupalira. Munda sungasiyidwe, ndiponso misewu siidalirika: mu Januwale 2022 namondwe Ana anagumula mlatho wa pa mtsinje wa Revubue kufupi ndi mzinda wa Tete, ndipo ife a ku Chiradzulu sitifunika kukumbutsidwa zimene namondwe Freddy anachita mu Malichi 2023. Chachitatu, m'Disembala anthu ogwira ntchito kunja amabwerera kwawo, mabasi amadzaza, mitengo ya matikiti imakwera, ndipo mizere ya pa zipata za malire imatalika.

Mwezi wa Ogasiti unatikomera. Sukulu zathu zimakhala zitatsekera tchuthi chachikulu, chimanga chimakhala chili m'nkhokwe, ndipo kutentha koopsa kwa ku Tete, kumene mu Okutobala ndi Novembala kumapitirira madigiri 40, kumakhala kusanafike. Sukulu za ku Zimbabwe nazonso zimakhala pa tchuthi mwezi womwewo, choncho ana athu anakapeza abale awo ali pakhomo.

Ndi bwinonso kumvera wailesi masiku a ulendo akamayandikira. Ife titabwerako, zipolowe zimene zinatsatira chisankho cha ku Mozambique cha mu Okutobala 2024 zinasokoneza maulendo a pa msewu kwa masabata ambiri. Wokhala ndi ana aang'ono akamva zotero, asachite manyazi kusintha tsiku.

Mapepala a ana

Kale mwana ankalembedwa m'pasipoti ya amake. Masiku ano sizitero: munthu aliyense, ngakhale khanda la kumsana, ayenera kukhala ndi pasipoti yakeyake. Ndipo pasipoti ya mwana imayambira pa chiphaso cha kubadwa, chimene chimaperekedwa ndi bungwe la National Registration Bureau kudzera ku ofesi ya boma. Lamulo lokakamiza kulembetsa mwana aliyense wobadwa linayamba kugwira ntchito mu 2015, koma m'midzi mwathu muli ana ambiri amene makolo awo sanakatengebe chiphasocho.

Pano pali msampha umene ife aphunzitsi timauona chaka ndi chaka. Mwana mmodzi amakhala ndi maina atatu: lina m'kaundula wa sukulu, lina m'buku la ku sikelo, lina limene amamuitanira pakhomo. Ife tomwe tinakodwa. Dzina la mdzukulu wathu wamng'ono tinalilembetsa mosiyana m'mapepala awiri, kusiyana kwa chilembo chimodzi chokha, ndipo kukonza kwake kunatidyera mwezi wathunthu ndi maulendo atatu a ku boma. Yalani mapepala onse a mwana pa tebulo, muwerenge dzina ndi tsiku lobadwa chilembo ndi chilembo, musanapite ku ofesi iliyonse.

Mapasipoti tinapempha miyezi yambiri ulendo usanafike, ndipo tinathokoza kuti tinatero, chifukwa kumayambiriro kwa 2024 ntchito yosindikiza mapasipoti m'dziko muno inaima kwa masabata angapo. Amene ali nayo kale pasipoti ayang'ane tsiku limene idzathe mphamvu. Maiko ambiri amafuna kuti ikhale itatsala ndi miyezi 6 kapena kuposerapo, ndiponso ikhale ndi masamba opanda chidindo. Ulendo wa ku Harare umadya zidindo zinayi popita ndi zinayi pobwera pa munthu aliyense.

Mmalawi wopita kukacheza kwa masiku ochepa ku Mozambique, ku Zimbabwe, ku Zambia kapena ku South Africa safuna viza. Koma pa chipata amamulembera masiku amene waloledwa kukhala. Werengani chidindocho musanachoke pa zenera. Ku South Africa amapereka masiku 30, ndipo chiyambire 2014 wopitirira masiku ake amaletsedwa kulowanso m'dzikomo kwa chaka chimodzi, mwinanso mpaka zaka 5.

Pepala lomaliza ndi limene ambiri amaliiwala. Ngati mwana akuyenda ndi agogo, azakhali kapena kholo limodzi lokha, pafunika kalata ya chilolezo yochokera kwa makolo ake, yolumbirira pamaso pa woweruza milandu kapena loya, yotchula dzina la mwana, dzina la womutenga, kumene akupita ndi masiku ake, pamodzi ndi makope a ziphaso za makolowo. Kwathu kuno timati mwana wa mnzako ngwako yemwe, koma pa malire mau amenewa sakwanira. Mu 2015 dziko lino linakhazikitsa lamulo lothana ndi mchitidwe wozembetsa anthu, ndipo ogwira ntchito pa zipata ali ndi udindo wofunsa za mwana aliyense. M'chaka chomwecho South Africa inalamula kuti ana onse olowa m'dzikomo aonetse chiphaso cha kubadwa. Mu 2019 inafewetsa lamuloli kwa ana a maiko ena oyenda ndi akuluakulu, komabe chiphasocho sichilemera, chinyamuleni.

Ndalama

Ndalama tinasonkha pang'onopang'ono: za pa malipiro, za nandolo, ndi zimene amayi a kunyumba analandira pogawana ku banki m'khonde. Tinazigawa m'magawo asanu: za mapepala, za matikiti opita ndi obwerera, za chakudya cha panjira ndi cha kumene tikafikire, za mphatso, ndi za pangozi. Gawo lomalizali silikhudzidwa ngakhale mwana alirire chidole chotani, chifukwa kudwalitsa mwana kwa eni wopanda ndalama ndi chinthu chowawa.

Dziwani kuti mukangodutsa Zobue, kwacha yathu yatha ntchito. Ku Mozambique amagwiritsa ntchito metical. Ku Zimbabwe malonda ambiri tinawapeza akuchitika m'madola a ku America, ngakhale kuti mu Epulo 2024 boma la kumeneko linakhazikitsa ndalama yake yotchedwa ZiG. Madolawo pemphani ku banki nthawi ilipo, mutatenga pasipoti ndi tikiti, popeza ndalama zakunja sizipezeka tsiku limene munthu wazifuna. Yesetsani kupeza mapepala aang'ono a dola imodzi ndi madola 5, chifukwa chenje chimavuta. Osintha ndalama oimirira pa malire amayankhula mokoma ndi kuwerenga mofulumira, ndipo munthu amene dzanja lina lagwira mwana sangathe kupikisana nawo.

Wosunga ndalama za ulendo akumbukire kuti kwacha ikhoza kugwa iye ali m'tulo. Mu Novembala 2023 inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo ndalama imene ikanatigulira madola 10 inayamba kugula madola 7 okha. Tinachotsa mphatso zina pa mndandanda, tinagulitsanso mbuzi imodzi, koma ulendo sitinalepheretse.

Thanzi la ana

Mwezi umodzi ulendo usanafike tinapita ndi ana ku chipatala kuti akaone ngati katemera wawo ali wokwanira. Izi si zamwambo chabe. Mu 2022 matenda a poliyo anapezeka mwa mwana wina ku Lilongwe ndi mwa ana angapo m'chigawo cha Tete, kumene msewu wathu umadutsa. Mabuku a ku chipatala a ana onse tinawaika m'chikwama chimodzi ndi mapasipoti.

Mdani wamkulu wa mwana paulendo ndi madzi oipa. Kolera ya mu 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo ku Zimbabwe nakonso inavuta mu 2023 ndi 2024. Tinanyamula madzi owiritsa m'zigubu, sopo, mapaketi a Thanzi ORS, ndi mankhwala oziziritsa thupi. Mwana asadye chilichonse asanasambe m'manja, ngakhale basi ikuimba hutala.

Za malungo pali chenjezo lapadera. Mzinda wa Harare uli pamalo okwera, pafupifupi mamita 1,500, ndipo malungo si ofala kumeneko monga kwathu kuno. Mwana akhoza kunyamuka kuno atalumidwa kale ndi udzudzu, nakatentha thupi patapita sabata imodzi kapena awiri. Zikatero uzani adokotala msanga kuti mwanayo wachokera ku Malawi ndipo ayezedwe malungo. Kukwera kwa malowo kumachititsanso kuti usiku wa mu Ogasiti uzizizira kwambiri, pamene masana a ku Tete ndi otentha. Choncho mwana avale zovala zoti mukhoza kumuvula ndi kumuvekanso mosavuta, ndipo juzi ikhale pafupi, osati m'sutikesi ya pansi pa basi.

Katundu ndi kamba wa panjira

Kamba wathu anali mbatata yophika, mazira owiritsa, nthochi, mtedza wokazinga ndi buledi. Zakudya zamafuta ambiri zimachititsa mwana nseru m'basi, ndipo thobwa limasasa ndi kutentha. Tinatenganso timatumba ta pulasitiki, chitenje chapadera, ndi zovala zosinthira za mwana aliyense m'chikwama cha m'manja. Mphatso za atsibweni zinali mpunga wa Kilombero, tiyi wa ku Thyolo ndi usipa pang'ono. Funsani eni basi pasadakhale za zakudya zimene zimaloledwa kudutsa malire, popeza mbewu, nyama ndi zomera zili ndi malamulo ake. Safunsa anadya phula.

Mdzukulu wa zaka 3 akanatha kukhala pamiyendo, koma tinamulipirira mpando wake. Ndalama imeneyo sitinaidandaule ngakhale kamodzi. M'thumba la mwana aliyense tinasokeramo kapepala kolemba dzina lake ndi manambala a foni awiri, ya kuno yoyamba ndi +265 ndi ya ku Harare yoyamba ndi +263. Tinagawananso ana momveka bwino: wamng'ono ndi wa agogo ake aakazi, wa zaka 6 ndi wa agogo ake aamuna, wamkulu agwire chikwama cha madzi ndipo asachoke pakati pathu. Mwana amasowa pamene wamkulu aliyense akuyesa kuti ali ndi mnzake.

Njira yake

Kuchokera ku Blantyre kukafika ku Harare ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 600. Tinatsika ndi msewu wa Midima dzulo lake, tinagona kwa abale mu mzinda, ndipo basi tinakwera m'mamawa. Sabata yapitayo tinali titajambula mapu a njira yonse pa pepala lalikulu, ndipo ana anali ndi ntchito yochonga malo alionse tikawadutsa: Lunzu, mlatho wa Shire pa Zalewa, Mwanza, Zobue, Moatize kumene kuli migodi ya malasha, Tete, Changara, Cuchamano, Nyamapanda, Mutoko, Murehwa, Harare. Ntchito imeneyi inachepetsa funso lija lakuti, "Agogo, tifika nthawi yanji?"

Pa Tete ana anakhala chete poona kukula kwa Zambezi. Pali milatho iwiri: wakale wotchedwa Samora Machel, ndi watsopano wa Kassuende umene unatsegulidwa mu 2014. Tinawauza kuti madzi a Shire amene anawaona pa Zalewa amakathira mu mtsinje womwewu, kumunsi kwake. Tinawauzanso kuti pamene ife tinali achinyamata, m'zaka za m'ma 1980, magalimoto ankadutsa msewu umenewu mondondozana, moperekezedwa ndi asilikali a ku Zimbabwe, chifukwa cha nkhondo imene inatha mu 1992. Wotchi sitinasinthe, popeza maiko atatuwa ali ndi nthawi imodzi. Tinafika ku Harare kutada, patatha maola oposa 12, ndipo angapo a maolawo anathera pa zipata.

Pa chipata

Pa chipata chilichonse anthu onse amatsika, aliyense ndi pasipoti yake, ndipo mwana ayenera kuonekera pa zenera, ngakhale atagona. Pitani ndi ana ku chimbudzi musanalowe pa mzere, ndipo loweza mtundu ndi nambala ya basi yanu, chifukwa mabasi amafanana.

Pa chipata china patsogolo pathu panali mtsikana wa zaka za m'ma 20, atagwira kamnyamata pa dzanja. Bambo wa pa zenera anayang'ana mapasipoti awiriwo nafunsa, "Mayi, mwanayu ndi wanu?"

"Ndi wa achemwali anga, bambo. Ndikukamutula kwa amake."

"Kalata ya amake ili kuti?"

Kalata panalibe. Mtsikanayo anaimba foni, anadandaula, analira. Bamboyo sanakalipe, koma anati sangalole mwana kutuluka popanda umboni wakuti makolo ake akudziwa. Katundu wawo anatsitsidwa, ndipo basi inanyamuka iwo atakhala pa sutikesi m'mphepete mwa msewu. Tikukhulupirira kuti mtsikanayo ankanena zoona. Koma wozembetsa mwana nayenso amanena mau omwewo, ndipo wa pa zenera alibe njira yoonera mumtima. Itafika nthawi yathu, funso linali lomwelo. Tinapereka kalata ya mwana wathu wa ku Lilongwe ndi ziphaso za kubadwa, ndipo sipanathe mphindi zisanu.

Kwa eni

Mlendo ndi mame, amatero akuluakulu. Anthu asanu ndi katundu wolemera pa nyumba ya m'tauni, kumene ufa, madzi ndi magetsi zonse ndi zogula. Tisananyamuke tinagwirizana ndi ana a atsibweni kuti tidzakhala masiku 10, ndipo tsiku lotsatira kufika kwathu tinapereka gawo lathu la ndalama ya chakudya. Anakana kawiri, kachitatu analandira, ndipo tinakhala momasuka.

Ana tinawaphunzitsiratu mau ochepa a Chishona: kupereka moni kwa akulu ndi "Makadii", kuthokoza ndi "Maita basa", ndi kuti nsima kumeneko ndi "sadza". Anadabwa kumva kuti malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a mu 2013 amatchula Chichewa pakati pa zinenero 16 zovomerezeka m'dzikomo. Lamulungu tinapita ku mpingo wina wa Sinodi ya Harare ya CCAP, imene inakhazikitsidwa mu 1965 pakati pa Amalawi ogwira ntchito kumeneko, ndipo ana anamva nyimbo za kwawo zikuimbidwa ndi anthu amene sanapondepo ku Malawi.

Poona malo tinatsata lamulo limodzi: malo amodzi pa tsiku, ndi tsiku lopumula pakati. Tinaona miyala yosanjikizana ya ku Epworth, imene chithunzi chake chakhala chikuikidwa pa ndalama za dzikolo. Tinaona mbidzi ndi nyamalikiti ku Mukuvisi Woodlands, mkati mwa mzinda momwemo, ndipo ana anasewera ku Harare Gardens. Mtima unkafuna mabwinja a Great Zimbabwe kufupi ndi Masvingo, ndiponso mathithi a Victoria Falls, koma koyambako ndi makilomita pafupifupi 300 ndipo kwinako ndi oposa 800. Mwana wa zaka 3 sakanapindula kanthu ndi mtunda wotero koma kutopa. Tinazisiyira ulendo wina.

Kwa inu achinyamata amene mudzaperekeze makolo paulendo wotere, ntchito yanu ndi yaikulu. Ndinu amene mumadziwa kusunga zithunzi za mapepala onse m'foni, kufufuza nthawi ya basi, ndi kunyamula mng'ono wanu pamene amayi atopa. Kumbukiraninso kuti khalidwe lanu kwa eni ndi limene abale adzakumbukire za mudzi wonse. Ukayenda siya phazi.

Chimene tinapitira

Usiku umene tinafika, atsibweni anali atakhala pa mpando pafupi ndi khomo, atafunda bulangete. Ana anagwada mmodzimmodzi. Mkuluyo anagwira nkhope ya aliyense ndi manja awiri, nafunsa dzina lake ndi dzina la amake. Atafika pa wa zaka 6 anati, "Iwe wafanana ndi mlongo wanga, agogo a amako." Kenaka anafunsa ngati phiri la Chiradzulu likuonekabe bwino kuchokera pa dambo la kwathu, ndi ngati mtengo wa mango umene anabzala kuseri kwa nyumba ya amake ulipo. Mwanayo anayankha kuti ulipo, ndipo ndi umene iye amakwera. Mkuluyo anaseka mpaka kutsokomola.

Masiku onse 10 ana ankakhala pa mapazi ake madzulo, iye akuwafotokozera maina a makolo a mbumba yawo, ndipo mwana wathu wa zaka 11 anawalemba onse m'kope la sukulu. Tinabwerera njira yomweyo, masiku a pa chidindo asanathe, ndipo tinafika kwa Likoswe kutatsala masabata awiri kuti sukulu zitsegulire.

Atsibweni anamwalira mu Malichi 2025, ndipo anaikidwa komweko ku Harare. Kope lija lili m'bokosi limodzi ndi mapasipoti. Ngati nanu muli ndi mbale wokalamba kunja amene wakhala akufunsa za ana, musadikire kuti ndalama zidzachuluke. Yambani ndi chiphaso cha kubadwa cha mwana, mwezi uno.